Makhadi Awiri, Nyumba Imodzi

Nyumbayo inkayamba ndi thambo. Pakona yakumanzere kwa sikirini pankatuluka kabokosi kabuluu, kenako kena pambali pake, kenanso, mpaka mzere wonse kudzaza. Denga linkabwera pambuyo, mosapupuluma, lata ndi lata.

Suwilanji Chavula anali atakhala pa kasitulu m'kashopu ka Pemphani ku Area 23, dzanja lili kutsaya, akuonerera. Ntchito yake inali yojambula mapulani a nyumba pa kompyuta. Omangitsa a masiku ano sakhutira ndi mizere yokha, amafuna chithunzi chooneka ngati nyumbayo yatha kale, dzuwa likuwala pamazenera. Chithunzi chotero kompyuta imachita kuphika, ndipo mphika wake ndi kachipangizo kotchedwa khadi ya zithunzi. Khadi ya Suwilanji itapsa ndi pamene anafika pa shopu imeneyi. Anabwera kudzakonzetsa kompyuta, koma abale inu, kompyuta inabwerera kunyumba, mtima n'kutsalira pa benchi la mkonzi.

"Yafika pa mango?" anafunsa Pemphani, akupukuta fumbi m'kompyuta ya munthu wina.

"Ikadali padenga. Kakhadi kakoka kamayenda ngati mkwatibwi polowa m'tchalitchi."

"Koma kamafika kutsogolo."

"Kofanana ndi mwini wake. Malume ako a Amosi uwauza liti za ife?"

Pemphani anakanda m'mutu. "Malume alibe foni, Suwi. Mpaka munthu akwere minibasi ya ku Nambuma, atsike, ayendenso pansi. Ndipita. Ndikungofuna zinthu zikhale kaye m'malo mwake."

"Chaka chatha unanenanso zomwezo."

Ananena akumwetulira, koma mumtima zinkamupweteka.

Nyumba inali pa sikiriniyo inali ndi mbiri yake. Okonza makompyuta ali ndi chizolowezi choyesa khadi iliyonse ndi fayilo imodzi yomweyo, kuti aone yothamanga ndi yaulesi popanda kukondera. Pemphani anapempha Suwilanji kuti amujambulire kanyumba koyesera, ndipo fayiloyo anaitcha Muyeso. Inkakhala m'makompyuta a onse awiri, wina akawonjezeramo kanthu inkasintha konsekonse. Poyamba anali makoma anayi ndi chitseko basi. Tsiku lina Pemphani anati pakufunika mtengo wa mango, poti masamba amatopetsa khadi. Suwilanji anati pakufunikanso makatani, poti nsalu imatopetsa khadi. Linabwera khonde, lotsatira dimba la mpiru kuseri. Mapeto ake pakhondepo panakhala anthu awiri ogwirana manja, mkazi wa chitenje chachikasu ndi mwamuna wa kapusi yofiira. Amvekere nkhope za anthu ndizo zimatopetsa khadi kwambiri. Bodza lokoma chonchi linayamba lamveka kuti?

"Ndawonjezeramo kena," anatero Pemphani. "Kali pansi penipeni, pakona yakumanja. Kamatuluka komalizira."

"Ndi chiyani?"

"Dikira uone."

Suwilanji anadikira. Mazenera anatuluka, makatani akugwedezeka ndi mphepo imene kunalibe. Ankamva ngati atha kulowa m'sikirinimo, kuvula nsapato pakhomo, n'kukatsegula zenera lakum'mawa lija. Phokoso la makondakitala panja linamveka patali ngati la mudzi wina. Mango anali atangoyamba kuoneka pamene foni yake inalira. Anali ankhazi Edna, mlongo wawo wa bambo ake.

"Suwilanji, uli kuti? Bwera msanga, kuno kuli mlendo."

Ananyamuka kakona kakumanja kaja kakadali kakuda.

*

Kwawo ku Biwi anapeza galimoto yoyera itaima pageti. M'nyumba munkanunkhira perefyumu wachilendo. Bambo ake, a Laws Chavula, mphunzitsi wopuma ntchito, anali pampando wawo wa masiku onse, wamatabwa uja wokhala ndi khushoni yobiriwira imene malemu mayi ake anasoka. Ndodo inali itatsamira pa bondo lawo lovuta lija. Chimwalirireni mayi, pakhomopo ankakhala awiriwiri ndi mwana wawo.

"Wamukumbuka Collins?" anatero ankhazi Edna, nkhope ili ngwee. "Mwana wa a Gondwe, amadoda, akulu a mpingo kwathu ku Rumphi. Munkaimba limodzi kwaya ya Sande sukulu. Wabwera kuchokera ku Joni, ndipo taona chimene wakutengera."

Collins anaimirira. Tisanamizane, mnyamatayo anali wooneka bwino, wamtali, ndevu zometa mosamala. Anatsegula bokosi limene linali patebulo. Munali khadi yaitali ngati mkono, yakuda, yolemera.

"Ndinamva kuti umajambula nyumba," anatero. "Iyi ndi ya akatswiri enieni, imene amagwiritsa ntchito makampani akuluakulu omanga. Memore yake ndi magiga 48. Ungajambule tauni yonse ya Lilongwe, siingatsamwe. Panopa ukugwiritsa ntchito yotani?"

"Ya magiga 12," anayankha Suwilanji chapansipansi. "Nayonso ndi ya akatswiri. Anandibwereka Pemphani."

"Pemphani, Pemphani," anadula ankhazi Edna. "Mwana wane, anthu a kuno salowola. Mwamuna amangolowa pakhomo ngati wobwereka moto, mawa wapita. Ana adzakhala a fuko liti? Nanga akakutenga n'kupita nawe kumene akudziwa yekha, adada akowa adzatsala ndi ndani? Mwana wa kwathu amadziwa kuti kholo silitayidwa."

Suwilanji anaona dzanja la bambo ake likufinya khushoni ija. Iye ankadziwa kuti za mafuko zinali nkhawa za ankhazi. Bambo ake ankangoopa chinthu chimodzi, kudzatsala okha ndi mpandowo.

A Chavula anatsokomola ngati mmene ankachitira asanayambe phunziro.

"Ine sindikhulupirira manambala olembedwa pabokosi. Ndinachonga mayeso moyo wanga wonse. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Loweruka mnyamata winayo abwere, makhadi onse awiri alowe m'kompyuta imodzi, ajambule nyumba imodzi, ine ndikuona."

Aliyense m'chipindamo anadziwa kuti oyesedwa si makhadi okha.

*

Madzulo ake, dzuwa likufiira kuseri kwa nyumba za ku Kawale, Suwilanji anakhala pamwala wochapira n'kuyamba kulembera Pemphani mauthenga.

*Yake ndi ya magiga 48. Ndiuze kuti ndi yabodza.*

Yankho linachedwa, monga mwa nthawi zonse.

*Ngati ili imene ndikuiganizayo si yabodza. Ndi khadi yabwino kwambiri. Yanga siingaione n'kumsana komwe.*

*Pemphani! Ungonama pang'ono kuti mtima wanga ukhale pansi.*

*Ndinganame bwanji? Memore yake ndi yochuluka kanayi. Yanga ikakumana ndi nyumba yaikulu imayamba kupuma wefuwefu, yakeyo imangomeza.*

*Ndiye yako ilibe chabwino chilichonse?*

*Yake imadya mawati 300, yanga 70. Magetsi akathima, yake ingagwetse kainveta kako nthawi yomweyo. Yanga imapitiriza ndi batire mpaka chithunzi chithe. Siichita phokoso, siitentha. Ndi zomwezo basi.*

Suwilanji anawerenga kawiri. Anaganiza za masana onse aja magetsi atathima, Biwi yense ali zii, kakhadi kaja kakung'ung'udza kokha m'chipinda mwake, kakumanga nyumba za anthu kabokosi ndi kabokosi. Foni inanjenjemeranso.

*Collinsyo ndi wamtali?*

Anaseka yekha mpaka nkhuku zinabalalika.

*Kwambiri. Amanunkhiranso bwino.*

*Chabwino.*

*Nsanje?*

*Ayi. Ndikufunsa kuti ndidziwe ngati adzakwane pakhomo la nyumba yathu ija. Chitseko ndinachipanga cha msinkhu wanga.*

*Iwe ndiwe chitsiru, ndipo ndimakukonda. Koma Loweruka usadzatsegule Muyeso. Tidzagwiritsa ntchito kagolosale kaja ndinajambulira mayi wa ku Chipasula.*

*Ndamva. Ndibweranso ndi pawa sapulai yaikulu, yopatsa kompyuta magetsi ija. Imene ili m'kompyuta mwakoyo siingaikwanitse khadi yake.*

*Ukufuna kumuthandiza?*

*Bambo anati tiyambire limodzi.*

Suwilanji anaika foni pachifuwa n'kutsinzina. Munthu wotereyu ungamutani? Kumumenya sungathe, kumusiya sungathe.

*

Loweruka masana kompyuta inaikidwa patebulo la pabalaza, chivundikiro chake chitachotsedwa. Pemphani anafika atavala shati yopita nayo kutchalitchi, kapusi yake yofiira ili m'manja. Ananjuta pamaso pa a Chavula.

"Mwaswera bwanji, Bambo?"

"Taswera, kaya inu a Pemphani. Yambani."

Inayamba yaing'ono. Kagolosale kanatuluka monga mwa chizolowezi, thambo kaye, kenako denga. Ankhazi Edna anapita kukateleka madzi, anabwera ndi tiyi, anathira shuga, anatakasa, chithunzi chikadali pa mashelefu.

"Yayi, tikalamba pompano," anatero.

Chitatha, a Chavula anavala magalasi, anachiyang'anitsitsa, n'kugwedeza mutu. Pemphani anazimitsa kompyuta, anachotsa kakhadi kake, n'kumangirira pawa sapulai yaikulu ija. Atatambasula dzanja kuti atenge khadi ya Collins, ankhazi Edna anamugwira pamkono.

"Iyayi. Mphatso ndi ya Suwilanji. Aike yekha ndi manja ake."

Suwilanji sanaganize kawiri. Anaitenga, anailowetsa m'malo mwake mpaka inalira kuti kwa, Pemphani n'kulumikiza nthambo. Ankhazi anayang'ana Collins, Collins anayang'ana pansi.

Fani inabangula ngati minibasi pachitunda. Munthu asanamwe tiyi kawiri, kagolosale konse kanali mbee pa sikirini.

"Mwaona!" ankhazi anaomba m'manja.

"Yapambana," anatero Pemphani. "Zithunzi n'zofanana, koma liwiro ndi la iyi. Palibe chotsutsa."

Zikanathera pomwepo. Koma Collins, chimwemwe chitamukwera kumutu, anakoka mpando n'kugwira mausi.

"Kagolosale aka ndi kopepuka, aise. Bambo sanaone mphamvu yake yeniyeni. Tipeze fayilo yolemera kuposa onse." Anasanja mafayilo potengera kukula kwake. "Eya, iyi. Muyeso. Dzina lake likunena lokha."

Mtima wa Suwilanji unagunda kuti thi. Komabe anadzilimbitsa. Nyumbayo ankaidziwa, imayamba ndi thambo, denga limatenga nthawi. Anaganiza kuti aimirira mwaulemu, anene kuti fayiloyo ndi ya kasitomala, aitseke anthu asanaone kanthu. Anali atazolowera kakhadi kaulesi kaja, n'kuiwala kuti muli ina.

Asanamalize n'kuimirira komwe, thambo, denga, mazenera, mango, zonse zinakhuthuka pa sikirini ngati madzi a m'ndowa. Pakhonde panali mkazi wa chitenje chachikasu, chomwecho chimene Suwilanji anavala tsikulo. Dzanja lake linali m'dzanja la mwamuna wa kapusi yofiira.

Fani yokha ndiyo inkalira. Walira mvula walira matope, Collins anachotsa dzanja pa mausi pang'onopang'ono.

"Chiuta wane!" anafuula ankhazi Edna. "Achimwene, mukuona? Amanga kale nyumba! Akhalamo kale! Inu muli pano mukuyesa makhadi!"

A Chavula anadzuka ndi ndodo yawo n'kuyandikira sikirini. Sanayang'ane anthu awiri aja. Maso awo anali pansi, pakona yakumanja.

Suwilanji nayenso anayang'ana, ndipo kanali koyamba kukaona kakona kaja. Kumapeto kwa khonde kunali chipinda china chokhala ndi khomo lakelake. Pakhomopo panalibe masitepe, panali potsetsereka pang'ono ndi chitsulo chogwirira. Pamthunzi wa mango panali mpando wamatabwa wa khushoni yobiriwira, ndodo itatsamira pambali pake. Ngakhale kachigamba ka pakona ya khushoniyo kanalipo.

"Uwu ndi mpando wanga," anatero a Chavula.

"Eya, Bambo," anayankha Pemphani.

"Unamuuza ndiwe, Suwilanji?"

"Ayi, adada. Inenso ndikuuona lero." Misozi inali itayamba kale kutsika.

"Munauona liti mpandowu, a Pemphani?"

"Tsiku limene ndinabweretsa kompyuta, Bambo. Ndinaonanso mmene munavutikira pa masitepe apakhomo. Pepani ngati ndalakwa. Ndinangoona kuti nyumbayo siinathe popanda inu."

A Chavula anavula magalasi, anawapukuta ndi kansalu, anawavalanso. Anabwerera pampando wawo n'kusisita kachigamba kaja ndi chala.

"A Collins, khadi yanu ndi yamphamvu, ndaona ndi maso anga, ndipo ndikuthokoza. Koma yandionetsa zonse nthawi imodzi ngati mphezi. Maso angawa ndi okalamba. A Pemphani, bwezeranimo yanu ija. Ndikufuna nyumbayi ndiione ikubwera pang'onopang'ono."

Suwilanji anamva ngati denga la nyumba yawo latseguka. Pemphani anagwada pambali pa kompyuta. Anatulutsa khadi yaikulu ija, yotentha, n'kuiika bwinobwino m'bokosi mwake. Kaing'ono kaja kanabwerera m'malo mwake, ndipo pakona yakumanzere panatuluka kabokosi kabuluu.

Ndi pamene ankhazi Edna anaika kapu yawo pansi.

"Mukhoza kuibweza m'bokosi, koma yalowa kale. Achimwene, thenga wa kwa a Gondwe wodzafunsira ukwati afika pano mawa tikaweruka kutchalitchi. Ndinagwirizana nawo kuti khadi iyi ndi chizindikiro. Ndinati mwana akailandira n'kuiika ndi manja ake, ndiye kuti wavomera, atumize thenga. Nonse mwaona waika yekha. Uthenga ndatumiza kale."

"Ankhazi!" Suwilanji anayang'ana manja ake ngati agwira chonyansa. "Munandiuza kuti ndiike! Sindinadziwe!"

"Ndinalankhula m'dzina la banja la a Chavula. Ukufuna atate ako akaime pamaso pa madoda anzawo n'kunena kuti mawu a pakhomo pano ndi mphepo?"

"Collins, iwenso umadziwa?"

Collins anatseka bokosi. "Ndinkaganiza kuti ukudziwa," anatero, osamuyang'ana.

A Chavula anatembenukira ku kompyuta. Mlongo wawo anali atawamanga manja, ndipo iwo sanali munthu wobweza thenga pageti popanda chifukwa chomveka. Pa sikirini mzere wa thambo unali utangodzaza. Denga linali lisanayambe, ndipo mpando uja unali kutali.

"Thenga akafika pakhomo popanda wina amene anagogoda kale, ndiyenera kumulandira," anatero pomaliza. "Koma akapeza alendo ena atakhala kale pamphasa, nkhani imakhala ina. A Pemphani, kwanu kuli akuluakulu?"

"Alipo malume, Bambo. Ku Nambuma."

"Akudziwa za mwana wangayu?"

Suwilanji anamuyang'ana, ndipo m'maso mwake munali miyezi yonse ija ya ndipita, ndipita.

"Sanadziwe, Bambo."

"Aimbireni foni."

"Alibe foni."

A Chavula analoza kompyuta ndi ndodo yawo.

"Kakhadi kanuka kasiyeni, ndikadikira mpaka kafike pa mpando wanga. Koma inu sindingakudikireni choncho. Malume anuwo akhale atafika pakhonde langa mawa tchalitchi chisanaweruke."

Pemphani anasuzumira pazenera. Dzuwa linali litapendeka kale, ndipo minibasi yomaliza ya ku Nambuma siidikira munthu. Anayang'ana Suwilanji kamodzi kokha, n'kutuluka. Kapusi yofiira anaiiwala patebulo. Suwilanji anaitola n'kuthamangira pageti, koma anangoona fumbi. Chidziwireni Pemphani, aka kanali koyamba kumuona akuthamanga.